Ndazimitsa ng'anjo ya alamu

Marinha Grande, 14 Novembala 1996

Achemwali anga Deolinda,

Landirani moni wochokera kuno. Muli bwanji kumudziko? Nanga bondo la amayi lija likuti bwanji ndi chisanu chayambachi? Ine ndili bwino, kungoti chifuwa chija sichinandisiyebe.

Ndalemba msanga kuti mumve kwa ine musanamve kwa amuna anu. Alamu a Valdemar akubwera Loweruka pa basi ya masana, ndipo akubwera ndi katundu wawo yense. Ntchito yawathera. Amene watseka gasi pa ng'anjo yawo ndine, ndi manja angawa.

Mukudziwa kuti fakitale yathu ya mabotoloyi yakhala ikutsimphina zaka zitatu. Boma linavomera kutithandiza, koma masiku ano boma silingangopereka palokha. Limayamba lakafunsa ku Brussels, kwa anthu oyang'anira mpikisano wa malonda. Iwowo anati thandizo liperekedwe, koma kamodzi kokha, ndiponso tizimitse ng'anjo imodzi mwa ziwiri zathuzi. Akuti si chilungamo kuti ife tizidzaza msika ndi mabotolo a ndalama za boma pamene mafakitale ena, a kuno ndi a ku Spain, akudzivutikira okha. Ndinapsa mtima ngati wina aliyense. Koma mnzanga Horácio amagwira pa fakitale ya kutsidya kwa msewu, yomwe sinalandirepo ngakhale eskudo imodzi, ndipo naye ali ndi ana anayi. Ndikamuganizira iyeyo pakamwa pamandilemera.

Ng'anjo ya galasi si mbaula, achemwali. Ikayatsidwa imayaka zaka ndi zaka osapuma, ndipo ikazima ndiye yazimiratu, galasi limaumira mkati, njerwa zimang'aluka. Ndiye alamu ndi anzawo a ng'anjo yachiwiri anapangana zawo. Anandipeza nthawi ya nkhomaliro, poti ndine kapitawo wa gasi. Kuno timatenthetsa timapoto tathu ta supu pa khoma la ng'anjo, ndipo mwezi uno timawotcherapo mtedza wa kastanya. Anandizungulira pomwepo, supuni m'manja.

Alamu anati, "Alamu, inunso musaumitse mutu. Siyani kamoto kakang'ono, kongofunditsa njerwa. Mayi wa boma wodzayendera ng'anjo uja adzaona chitseko chomata, alembe, azipita kwawo. Chaka chamawa tiyatsanso. Kapena mwakwatira ku Brussels osatiuza?"

Ine ndinati, "Alamu, anthu anuwa angathe tsiku limodzi osaika mapoto pakhomapa? Mayiyo sadzavutika n'kufunsa komwe, adzangolondola fungo la kabichi."

Onse anaseka, kupatula alamu. Kenako ndinawauza mosaseka kuti zimenezo sindichita. Zitadziwika, thandizo lonse liyenera kubwezedwa, ndipo lachiwiri kulibe. Fakitale itsekedwa yonse. M'malo mwa anthu 60 apita anthu 250, kuphatikizapo amayi a kopakira mabotolo amene sanapangane nawo chilichonse. Ndipo zikanadziwika ndithu. M'tauni muno munthu ukayetsemula pa fakitale, a ku msika amakufunsa za chimfine.

Anandichonderera masiku anayi. Anandikumbutsa kuti ndi iwo anandipezera ntchito kuno, ndi iwo anandigoneka m'chipinda chawo miyezi isanu ndi umodzi nditangofika ndi kachikwama kamodzi. Zonsezo n'zoona. Lolemba m'mawa ndinatseka mpopi wa gasi mpaka kumapeto, ndinachotsa chogwirira chake n'kukachipereka ku ofesi kwa mayi Graciete, injiniya wathu, kuti ngakhale ineyo ndisadzayesedwe.

Ng'anjo inatenga masiku atatu kuti izizire, ikuthetheka mkati ngati chimanga pamoto. Lachinayi alamu anabwera ndi kapoto kawo mwachizolowezi, n'kukaika pakhoma paja. Anaima kaye. Atakakhudza anapeza kali zii. Anatembenuka n'kunditchula Yudasi pamaso pa anthu onse, nati ine ndadzisungira mkate pa ng'anjo yoyamba pamene iwo, ogwira ntchito pano zaka 19, akupita chimanjamanja. Zinandipweteka kwambiri, sindibisa. Koma za mkatezo sananame. Kuyambira tsiku limenelo sitiyankhulana, tikakumana pa geti amayang'ana kumbali.

Pempho langa ndi limodzi. Gawo langa la munda wa maolivi umene bambo anatisiyira, lija la kumtunda kwa chitsime, muwapatse alamu alime, ndipo mafuta ake akhale a pakhomo panu. Maolivi apsa tsopano, ndipo munthu uja akakhala manja lende sabata imodzi yokha mudzamupeza pa bala ya a Firmino kuyambira m'mawa. Musawauze kuti zachokera kwa ine, akana. Munene kuti amayi ndi amene alamula, poti amayi sawayankha. Ndipo Loweruka mukawachingamire nokha pa basi, asatsike ngati mlendo.

Akuuzani kuti mlongo wanu wawaphera moto. Musatsutsane nawo chifukwa cha ine, musawononge banja lanu. Akunena zoona. Koma mudziwe inuyo kuti atandibwezera Lolemba lija, ndikanatsekanso. M'mawa uliwonse ndimaona anthu 190 akulowa pa geti, ndipo ndimawawerenga ndithu. Pa Khrisimasi ndikubwera. Ndidzakhala pa tebulo lomwelo ndi alamu, andipatse moni kapena asandipatse.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka aja ndibwera nawo. Moni kwa azakhali a Ermelinda, kwa msuweni Baltasar ndi mkazi wake, ndi kwa ana anu onse atatu. Ana amenewo musawabisire. Akafunsa chimene bambo awo abwerera, muwauze kuti ndi amalume, ndipo ndidzawafotokozera ndekha.

Tsalani bwino, achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Abílio