Timabala ta pa Dazi Langa

Loweruka, 1 Juni 2024

Kuzizira. Magetsi kulibe kuyambira m'mawa, shopu ndatseka msanga. Ndani agule chaja pomwe moto wake kulibe? Ubwino wa Juni ndi umodzi basi: ukavala chipewa palibe amakufunsa.

Pa 12 ndibwererenso kwa ba Monde, nesi wa kakiliniki kaja ka ku Kabulonga. Ulendo wachiwiri. Amati PRF. Amakutapa magazi pamkono, kuwaika m'kamakina kozungulira, pamwamba pamayandama zachikasu ngati mafuta a nkhuku. Zimenezo ndiye amakubaya nazo m'mutu ndi kasingano, mzeremzere, ponse pamene tsitsi linathawa. Akuti limabwerera. Mkazi wanga Mainess akuganiza kuti ndalama zija ndinaodera katundu.

Zinayambira pa ukwati wa mng'ono wake. Wojambula uja, pagulu: "Ba tate ba mkwatibwi, sendelani kuno." Ine! Zaka makumi anayi sindinakwanitse n'komwe. Mainess anaseka mpaka kugwira pamimba. Nanenso ndinaseka, ndikanatani. Chithunzicho chili pakhoma pabalaza, mutu wanga ukuwala kuposa keke.

Lamulungu, 2 Juni

Titaweruka kutchalitchi, ku Chawama kukaona akulu anga ba Edwell. Miyendo yatupanso. Shuga ndi BP, mankhwala amamwa akakumbukira. Koma pakamwa ali bwinobwino. Ndisanakhale n'komwe: "Vula chipewa iwe Whyson. Dazi ni la banja. Atate anali nalo, ine nili nalo, manje iwe ufuna kunkhala mwana wa ndani?"

Iwo amameta mpala Loweruka lililonse ndi lumo lawo la chigwiriro chakuda, kenako vaselini, kenako kuusisita mutu monyada. Alamu ba Sophia amati amadzionerapo nkhope. Chipewa sindinavule. Ndinati ndili ndi chimfine.

Lolemba, 10 Juni

Ba Edwell atisiya. M'bandakucha, m'njira popita kuchipatala.

Sindingathe kulemba.

Lachitatu, 12 Juni

Ndilembe basi.

Amalume athu, ba Dumi, anafika dzulo kuchokera ku Katete. Lero amuna a pabanja timayenera kukasankha bokosi ndi kukaona malo kumanda a ku Chingwere. Mng'ono wake wa malemu ndine ndekha. Ndinanama kuti ndikatenge ndalama kushopu ku Kanyama, ndiwapeza.

Ndinakwera basi ya m'tauni. Kenako ya Kabulonga.

Palibe anandikakamiza, ichi ndiye chikundiwawa. Ndinawaimbira ba Monde m'mawa kuwauza za maliro, iwo akuti, "Pepani maningi, tingasinthe siku, palibe vuto." Ine ndi pakamwa pangapa ndinati ayi, ndibwera, ndaona timatsitsi tikuyamba kutuluka kutsogoloku, tisatidukize. Mkulu wanga ali mufiriji ya kumotchale, ine chagada pampando wofewa, jenereta ikulira kuseri, magazi anga akuzungulira m'makina. Misozi inatuluka. Ba Monde amvekere ndi singano, ndipirire pang'ono.

Ndabwerera ku Chawama dzuwa litapendeka, bokosi atagula kale. Amalume anangondiyang'ana. Ndalama zomwe ndinati ndikatenga, m'thumba mulibe. Mutu ukuyaka pansi pa chipewa.

Lachinayi, 13 Juni

Taika. Fumbi, mphepo. Popemphera kumanda amuna onse anavula zipewa, ine ndinangotukula changa pang'ono ndi kuwerama kumbuyo kwa anthu. Ba Sophia anakomoka poponya dothi. Bokosi labwino, lofiirira. Sindinasankhe ine.

Lachisanu, 14 Juni

Mayo ine.

Za kumeta ndinaziiwaliratu. Kuno ku Lusaka anthu amangodula kachitsitsi kutsogolo ndi sizasi, mwambo watha. Koma amalume akuti mwana wa mlongo wawo saliridwa mwachitauni, tonse a magazi amodzi mpala, m'mawa uno, pabwalo. Mpando pakati, beseni, sopo, malezala atsopano. Anthu a mulaini atatsamira mpanda.

Nthawi yanga itakwana ndinati mutu ukundipweteka. Amalume anandivula okha chipewa.

Ngakhale azimayi otsuka mapoto analeka.

Timabala tonse poyera, tofiira, tina ndi nkhanambo, m'mizere yowongoka kuchokera pamphumi mpaka pankhongo. Amalume anameta m'mbali, natenga timatsitsi tanga tatsopano tija kumodzi. Kenako anandigwira mkono kuti ndidzuke, juzi n'kukwera, pulasitala ya ba Monde ili pomwepo, pozungulira pake pada bii.

Anayamba ndi mkulu wake wa ba Sophia, wa kukomboni ya George: "Izi ni mphini! Za manje manje izi, sizinapole. Na magazi anapereka!" Wina akuti n'chifukwa chake Lachitatu anasowa. Wina akuti mwaiona shopu ija mmene yakulira chaka chino, kuwonjezera na kanyumba ka mobailo mane, pamene anzake akutseka? Ndinamva mawu akuti kukhwima. Ndinamva dzina la ba Edwell.

Ndinene chiyani? Kuti ayi, sindinapite kwa sing'anga, ndimakameretsa tsitsi?

Amalume akuti Lamulungu banja likhala pansi, ndidzafotokoze. Ndikakana aitana mneneri.

Loweruka, 15 Juni

Mainess wagona pabalaza. Sanandinyoze, bola akanatero. Anangofunsa kamodzi, maso ali pansi: "Ba Whyson, ndalama zija munapeleka kuti?" Ndinatuluka panja.

Kushopu m'mawa wonse wogula palibe. Mayi wa vitumbuwa pakhomo paja wasamutsira tebulo lake tsidya la ngalande. Nkhani imathamanga kuposa basi, Chawama mpaka Kanyama usiku umodzi.

Chodabwitsa, ndipo ndikuchita nacho mantha: pali mbali ina ya mtima wanga imene ikuti bola anditche mfiti. Mfiti amaiopa. Chitsiru amachiseka, ndipo akamaliza kuseka adzafunsa kuti linali tsiku lanji. Koma ana a ba Edwell akule akudziwa kuti bambo awo aang'ono anadya bambo awo? Mwana wawo wamkulu dzulo anandilambalala popatsa anthu madzi.

Lamulungu, 16 Juni

Ndanena.

M'nyumba mwa malemu, mipando ikadali panja, tonse pamphasa. Ndinavula chipewa ndekha. Ndinatulutsa foni, zithunzi zomwe ba Monde amajambula pamwamba pa mutu kuti tizionera kusintha, ndi kavidiyo ka makina akuzungulira. Foni inayenda dzanja ndi dzanja. Amalume anaiyang'anitsitsa, akuiika patali ndi maso. "Ndiye kuti mphwanga, unagula magazi ako omwe?" Wina kumbuyo anaphulika. Kenako nyumba yonse, nyumba ya maliro, anthu kupukuta misozi ya chiseko. Wa ku George uja akuti mwamuna mutu monga kolifulawa afuna kunkhala mnyamata. Mainess anabisa nkhope m'chitenje, sindikudziwa ngati amaseka.

Ndinaganiza kuti zatha. Manyazi, koma zatha.

Ba Sophia okha sanaseke. Foni inawafika pomaliza. Anayang'ana tsiku lolembedwa pachithunzi, nandiyang'ana ine. Mawu awo otsika, osakalipa: "Alamu, Lachitatu nenze kufunsa aliyense kuti ba Whyson bali kuti, basankhile mukulu wao bokosi. Nenze kuganiza kuti muli kulila kwinakwake mweka."

Chiseko chinathera pomwepo. Anandibwezera foni ndi manja awiri, mwaulemu. Bola akanandimenya nayo.

Lachitatu, 19 Juni

Mayi wa vitumbuwa wabwerera. Akandiona amasisita mutu wake n'kumwetulira. Anyamata a pasiteshoni akundiitana Ba PRF, sadziwa n'komwe tanthauzo lake. Ogula abwerera, ena kudzangoona mutu.

Mainess wabwerera kuchipinda. Akuti, "Nanga ine ninadandaulapo za mutu wanu?" Ndinamukumbutsa za pa ukwati paja. Sakukumbukira n'komwe kuti anaseka.

Ku Chawama sindinapondeko. Ndimafika pasiteshoni, basi n'kudzaza, n'kunyamuka ine ndili chiimire.

Loweruka, 22 Juni

Agawa zovala za malemu lero. Sindinapite. Amalume asanakwere basi ya ku Katete anadutsira kushopu ndi kapepala ka pulasitiki. Akuti jekete ndi nsapato zapita kwa ena, koma ichi ba Sophia anachipatula okha, akuti n'cha Whyson.

Lumo la chigwiriro chakuda. Ndi kabotolo ka vaselini, kotsala theka, chala cha ba Edwell chikuonekabe m'kati momwe anakomba komaliza.

Kaya ndi kundikhululukira, kaya ndi kunditukwana. Amalume akuti sanafunse.

Masana uthenga wa ba Monde, kukumbutsa za ulendo wachitatu mwezi wamawa. Sindinayankhe. Nditafika kunyumba ndinaima pagalasi la pawadiropu popanda chipewa. Timabala tapola. Kutsogoloku timatsitsi tayambanso kutuluka, tofewa, tambiri kuposa kale. Zikugwira ntchito ndithu, ba Monde sananame.

Ndinatembenuka kuti ndione kumbuyo, Mainess n'kulowa ndi zochapa. Anakuwa, beseni pansi. Akuti anaona ngati ba Edwell aima m'chipinda.

Lero Loweruka. Madzi ndatereka kale pambaula. Sopo ali pawindo. Sindinametepo ndi lumo chibadwire, ndipo amene akanandiphunzitsa agona ku Chingwere.