Nsidze za Alamu ndi Makobidi a Bambo

14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti sukulu ikuyenda bwino kutaliko. Kuno tonse tilipo, kupatula nsidze za amuna anu, zomwe zinatisiya Loweruka lapitali. Akakutumizirani chithunzi atavala chipewa mpaka m'maso, musaganize kuti ndi fasho.

Mukudziwa kuti chidwalireni sitiroko, bambo sathanso kugwira makobidi awo akale aja, ndiye ntchito yowasamala inagwera ine. Timatumba tapulasitiki tomwe ankasungiramo tinayamba kutulutsa zomata zobiriwira. Bambo amakhala pampando n'kumandilangiza: mankhwala otsukira otchedwa asetoni pang'ono m'kabotolo kagalasi, mawindo otsegula, magolovesi m'manja, moto kutali. Khobidi umaliviika, kulitsukuluza mu asetoni wina woyera, n'kulisiya liume lokha. Kukwecha ayi. Amati kuda kwa khobidi lakale si litsiro, ndiwo ulemerero wake, ndipo anzawo osunga makobidi amafuna komweko.

Alamu anandipeza ndili pa ntchitoyi. Anaima pakhomo manja m'thumba ngati woyang'anira mayeso.

"Mlamu, mukuwasambitsa ngati makanda bwanji? Ine ndinaona pafoni, kanthawi kochepa amawala ngati atsopano."

Ndinati, "Alamu, chonde musakhudze."

Anangoseka. Munthu woti babu ikapsa kunyumba kwanu amaitana ine!

Loweruka ndinaperekeza bambo kuchipatala. Paja kiyi wa kuno munawasiyira alamu ndinu. Pobwerera, fungo linatichingamira pageti. Katswiri wathu anali atatseka mawindo onse a pabalaza, akuti kuopa fumbi. Makobidi amkuwa anawaviika mu viniga n'kuwakwecha ndi waya wotsukira mapoto mpaka kufiira ngati chilonda. Asiliva anawaika m'kambale kapulasitiki n'kukhuthuliramo asetoni yense. Kambaleko kanasungunuka n'kumatirira pa makobidi. Ndiye pofuna kuganiza bwino, anayatsa fodya. Moto unangoti phu! Mwayi aneba anathamanga ndi bulangete lonyowa, koma katani ndi nsalu ya patebulo zinapita.

Alamu tinawapeza atakhala pansi, nkhope ili see ngati dzira, akuti, "Mankhwala anuwa ndi achinyengo."

Bambo sanakalipe. Anatola khobidi loboola pakati lija, lomwe malemu mayi anawapatsa ali pa chibwenzi, n'kulitembenuza ndi dzanja lawo labwinolo. Kenako anandifunsa, "Ili ndi la ndani? Langa lili kuti?" Chichokereni tsikulo safuna n'komwe kuti ndiwatsegulire kabati ya makobidi.

Pali kanthu kena komwe ndalimbana nako ngati ndilembe kapena ayi. Posesa ndinapeza matambula awiri pansi pa mpando, ndi timathonje todetsedwa ndi utoto wofiira wa m'zikhadabo. Asetoni amachotsanso umenewo. Ine sindipaka, mukudziwa. Aneba akuti moto utabuka, panatuluka munthu ali liwiro, nsapato zagogoda zili m'manja. Alamu akuti anali msuweni wawo wokonda zinthu zakale. Msuweni ameneyu pa ukwati wanu sindinamuone, kaya mwina ndinatanganidwa ndi mbale.

Dzulo alamu anabwera ndi chipewa chawo kudzandinong'oneza kuti ndisakusokonezeni mayeso, adzakufotokozerani okha. Ndinatambasula dzanja, ndipo kiyi anabweza osayang'ana kumaso. Makobidi omwe anali kuchipinda kwanga anapulumuka, ndikupitiriza nawo pang'onopang'ono. Okwechedwawo palibe mankhwala owabwezeretsa.

Chonde muwaimbire bambo Lamlungu, koma za makobidi musatchule. Ana anu ndawatenga, akugona kuno, ndipo wamng'ono akufunsa tsiku lomwe mudzabwere. Azakhali akupereka moni. Alamu nawonso anati ndikupatseni moni wachikondi. Ndaulemba monga anandituma, muona nokha pouika.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa m'nyumba