Munda wa Kumthunzi

Lolemba, 9 Seputembala
Dzuwa likuotcha ngati mu Julayi, mwezi wotentha kwambiri kuno kwathu. Kutsidya kwa mtsinje wa Mosel, achimwene anga a Eckhard ayamba kale kuthyola mphesa. Nthawi ya malemu bambo tinkayamba mu Okutobala, titavala majekete. Zanga kuno zidakali zobiriwira, zowawasa. Mawondo ndiye akukana kukwera phiri la munda wangali. Ndatsimikiza mtima: kukolola kwa chaka chino ndi komaliza. Mu Novembala ndizulitsa mipesa yonse.

Lachinayi, 12 Seputembala
Kwabwera mayi Wengler, wofufuza za mpesa uja wa kusukulu ya zaulimi. Chaka chachitatu tsopano akumangirira tizipangizo toyezera kutentha m'mizere yanga. Akuti munda wanga umazizira kuposa wa kutsidya ndi madigiri awiri. Zimenezo n'zofuna sukulu? Ndazizidwamo zaka makumi atatu ine. Bambo pogawa minda, mwana wamwamuna anampatsa phiri loyang'ana dzuwa, ine la kumthunzi. Pamaso pawo ndinathokoza. Kulira ndinakalirira kuseri kwa migolo ya vinyo.

Lamlungu, 15 Seputembala
Nkhomaliro kwa a Eckhard. Mbatatesi, soseji, keke ya anyezi. Nthabwala yawo ija sinatuluke. Chaka ndi chaka, poseka vinyo wanga wowawasa, amati, "Irmtraud, wabwera naye viniga wako uja? Saladi ikudikira." Lero duu. Ndinalawa vinyo wawo wa chaka chatha. Wolemera, wogona, ngati tiyi wadzulo wochuluka shuga. Ndinati ndi wokoma. Bodza, Lamlungu lomwe.

Lachitatu, 25 Seputembala
Mayi Wengler anayeza madzi a mphesa zanga. Akuti kuwawasa kumene ndimachita nako manyazi ndiko kukusowa m'chigwa chonse. Nyengo ikutentha, mphesa za padzuwa zikupsa mothamanga, kuwawasa n'kuthawa. Nditawauza za kuzula, anakhala pamwala n'kunena kuti, "Amayi, mipesa ngati iyi sitingaidzale lero n'kuipeza mawa." Zoona. Koma mawondo awowo ndi a zaka makumi atatu.

Loweruka, 12 Okutobala
Tamaliza kuthyola. Chifunga m'mawa, zala zouma ndi kuzizira, monga kale. Mzere womaliza ndinathyola ndekha, pang'onopang'ono. Chisoni ndinamva, ndisabise.

Lachiwiri, 15 Okutobala
A Eckhard pakhomo, chipewa m'manja. Iwo kuwolokera kuno popanda maliro! Anayamba ndi za mvula, za galu wawo, za denga la tchalitchi. Khofi atazizira ndi pamene anafika pa nkhani. Akupempha mgolo umodzi wa madzi a mphesa zanga, asakanize ndi zawo. Akuti vinyo wawo akufuna womudzutsa.

Ndinati, "Viniga uja, achimwene?"

"Yemweyo, mlongo wanga."

Zaka zonsezi ndinkati tsiku limeneli likadzafika ndidzaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindinaseke. Akalamba, akufanana ndi bambo. Ndawapatsa migolo iwiri.

Potuluka anaima kuyang'ana phiri langa nthawi yaitali. Akuti mwana wawo Gesine wakhala akufuna kuphunzira munda wa kumthunzi, koma amaopa kundipempha. Akuti mawondo ake ndi abwino.

Lachitatu, 16 Okutobala
Lero ndi lomwe ndinalonjeza kuwaimbira ozula mipesa kuti tigwirizane tsiku. Nambala yawo inali pakapepala, pambali pa foni. M'mawa kunazizira kwambiri. Kapepalako ndayatsira mbaula.