Dzulo Alendo, Lero Obwera

Asuweni anga a Gideoni,

Kuno ku Chisepo tadzuka bwino, kaya inu kumeneko. Fodya akuuma m'zigafa.

Loweruka kunabwera wofuna uphungu wa ku Nyumba ya Malamulo kudzachititsa msonkhano pamsika. Polankhula za anthu ochokera kunja, sanakalipe ayi. Anayamba ndi mawu oti "alendo athu", mofatsa ngati abusa. Kenaka anangofunsa, "Msika uno ngwa yani?" Anthu nkuti, "Ngwathu!" "Nanga akugulitsamo ndani?" Pobalalika, aliyense ankangoti "obwera".

Paja mwamuna wa mwana wanga Tikondwe ngwa ku Burundi. Chichokereni tsikulo sanatsegule okala yake, ndipo anthu akumapereka moni kwa Tikondwe yekha. Dzulo kamwana kawo kanandifunsa ngati nakonso nkobwera.

Kodi m'kanyumba kanu kakuseri kaja muli munthu, kapena a Tikondwe atha kudzabisalamo ndi banja lawo zikavuta? Ndangofunsa chabe.

Mutikumbukire popemphera.

Ndine msuweni wanu,
Nankhoma