Kukazonda Lubinda

Loweruka, 8 Febuluwale

Tapambana 2-1. Sindikufuna n'kumva komwe.

Lubinda, mnyamata wanga wa ku Zambia wotchinga kumbuyo, wagonekedwa m'chipatala ku Oud Metha. Mphindi ya 61, kona, kugundana mitu ndi wa timu inayo. Kulira kwa mituyo ndinakumva ndili pa benchi, ngati dzungu lagwa pa simenti. Anadzuka, kudzandira, kubwera kumzere. Ine madzi pamutu. Kumufunsa dzina langa, wayankha. Akuti, "Coach, nili bwino, osanichosa." Panali anthu a kalabu ina amene anabwera kudzaonera iyeyo. Ndinamumenya paphewa: yalla, tiye, bwerera.

Anamaliza gemu. Wakomoka m'basi tikubwerera kuyunivesite ku Silicon Oasis, atasanzira nsapato za mnzake.

Lamulo la yunivesite ndimalidziwa. Wagunda mutu watuluka, mpaka dokotala amuone. Ndinasainira ndi dzanja langali mu Seputembala. Koma ine amene, ku Dedza, ndinamalizapo gemu bandeji ili kumutu, magazi akulowa m'diso, anthu akuimba dzina langa. Ana amenewa ndawauza nkhaniyi kangati, ndikunyadira?

Lamulungu, 9 Febuluwale

Opaleshoni maola anayi. Magazi anatayikira m'kati mwa chigaza. Sanatsitsimuke.

Mkazi wanga Maureen wafika kuchokera ku shifiti, yunifomu ya unamwino osavula, n'kundifunsa chimodzi chokha, ngati ndinamuona akudzandira. Ndati eya. Wachotsa mbale yanga ili yosakhudza.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ku ofesi kwa a Stewart, mkulu wa zamasewero. Panalinso loya wa yunivesite, mayi wa mawu ofewa ngati akukutsatsa mafuta odzola. Ndaimitsidwa kaye. Wezulo ndi makiyi a kosungira mipira ndasiya patebulo.

Osalankhula ndi osewera. Osalemba kanthu pa foni. Chachikulu, osayandikira chipatala kapena banja, chifukwa akhoza kusuma. Ndikamvera, akuti ntchito ndiipeza, inshallah.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndi timu imeneyi. Ndinaipeza ilibe ndi maneti omwe, ana akubwera ku tireningi atavala masilipasi. Ntchito ina sindiidziwa.

Koma kusakazonda? Mwana wovulalira m'manja mwanga? Kwathu ngakhale mnansi amene simumwerana madzi akagonekedwa umapita, kukakhala pabenchi panja, abale ake akuone kuti wabwera. Wosapita amamutcha mfiti. Ndayesa kuwafotokozera. Loya wamwetulira, walemba kenakake.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Vidiyo. Wina anajambula ali pa sitandi, masekondi makumi awiri: Lubinda akudzandira, ine ndikumukankhira m'bwalo. Ili pa magulu onse a WhatsApp, la Amalawi, la a ku Zambia, mpaka la kutchalitchi kumene ndimaimba besi.

Tsopano aliyense wakumbukira kake. Akuti chaka chatha ndinathamangitsa ana dzuwa lili paliwombo. Zoona, tsiku limodzi, ndinapepesa. Akuti satifiketi yanga ndi yogula. Bodza lamkunkhuniza, ndinaikhetsera thukuta ku Blantyre miyezi itatu. Wina amene sanamenyepo ndi mpira wachikulunga womwe walemba ndime zisanu za mmene kochi weniweni amachitira.

Zonsezo ndingapirire. Chikundidya n'choti vidiyoyo sikunama.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Watsitsimuka. Kaputeni wandilembera mobisa, mizere iwiri. Akulankhula pang'onopang'ono, dzanja lamanzere lofooka. Ndalira pa siteshoni ya Metro, Mpakistani wina n'kundipatsa tishu osafunsa kanthu.

Masiku khumi ndili bindikiro m'kanyumba kano ku Deira. Kuchapa, kusita, kuyang'ana mabwato a abra pa mtsinje wa Creek. Nthawi ya tireningi ikakwana thupi limadzuka lokha kufuna nsapato.

Ndamuuza Maureen kuti ndikufuna kupita. Wati, "Bambo a Lulu, kuno si ku Dedza. Akakugwirani ndi pakamwa panu pomwe." Akunena zoona. Mkazi ameneyu sanalakwitsepo, n'chifukwa chake amatopetsa.

Loweruka, 22 Febuluwale

Ndapita.

Malalanje ndi juwisi m'jumbo, ngati munthu. Lubinda mutu wometedwa theka, misoko kuchokera pakhutu mpaka pamwamba. Wandizindikira. Kumwetulira mbali imodzi. Funso loyamba, tinawina? Ndakhala naye pafupifupi ola, ndagwira dzanja lofookalo, ndamusendera lalanje, wadya zigawo ziwiri.

Pakhonde ndakumana ndi a Amos, bambo ake, injiniya wa ku Lusaka. Maso ofiira, malaya a dzana. Ndagwada pa matailosi pomwepo, anamwino akundilambalala ndi matirole. Andidzutsa okha. Kenako, mwakachetechete: "Coach, niuzeni chabe. Munaona kuti sali bwino?"

Ndikanati sindinaone? Kwa bambo wa mwana, mwana ali kuseri kwa chitseko? Ndati ndinaona, lamulo ndimalidziwa, ndinamubweza ndine. Angogwedeza mutu. Athokoza kuti ndabwera, andiperekeza mpaka pa lifiti monga timachitira ndi mlendo.

Mtima wapepuka koyamba chichitikire. Ndadya mbale ziwiri.

Lachiwiri, 4 Malichi

Masamoni afika. A banja la Lubinda akusumira yunivesite ndi ine.

Ndime 14: mawu anga onse a pakhonde paja, tsiku, ola. Kugwada kulimo. Malalanje alimonso, loya wawo akuti ndinapita kukanyengerera banja. Malalanje asanu ndi limodzi ogula pa Baniyas!

A Amos sindikuwada. Mwana afunika madokotala zaka ndi zaka, mwina sadzagwiranso ntchito ya uinjiniya imene amaphunzira. Ndikanakhala ine, akanakhala Lulu wanga, ndikanasuma mpaka mwini basi. Koma zikuwawa. Dzanja lomwe linandidzutsa pansi lija.

Loya wa yunivesite mawu ofewa aja atha. Akuti ndawaphera mlandu. Tsopano asamba m'manja: lamulo linalipo, kochi analiphwanya yekha, wavomera yekha. Ndipeze loya wanga. Ndayang'ana pomwe akunama, sindinapapeze.

Lachitatu, 12 Malichi

Khalas. Zatha.

Kalata tsamba limodzi. Chifukwa cholembedwa si mutu wa Lubinda, koma kuphwanya malangizo popita kuchipatala. A bungwe la masewero a makoleji nawo andiletsa kuphunzitsa timu iliyonse mpaka mlandu uthe. Loya wanga akuti zaka ziwiri, zikayenda bwino.

A Stewart maso pa kompyuta nthawi yonse. Potuluka andigwira mkono: "Jasten, ukanangokhala kunyumba." Mlonda wandiperekeza mpaka pa geti, kudutsa pabwalo. Ana anali pa tireningi ndi wothandizira wanga. Makoni awaika molakwika. Ndatsala pang'ono kukuwa.

Viza ndilowa pa ya Maureen. Fizi ya Lulu ku Zomba temu ikubwerayi, sindikudziwa. Zaka 47, kudikira mkazi abwere ndi ya buledi.

Maureen sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena. Ndamuuza kuti madzi akatayika saoleka, koma ulendo ujawo sindikunong'oneza nawo bondo. Mwana anandiona. Akudziwa kuti kochi wake sanamuthawe. Chimenecho palibe khothi lingandilande.

Lamulungu, 16 Malichi

Ana anga agonja 3-0 mu semifainolo. Ndaonera pa foni, mawu nditatseka. Kumbuyo kuli chibowo pomwe ankaima iye.

Kutchalitchi sindinapite.

Lachisanu, 21 Malichi

Uthenga wa mawu, cha m'ma 10 m'mawa, ndikutsuka mbale. Lubinda. Amubwezera foni yake. Masekondi 38, mawu olemera, akupumira pakati.

"Coach, ni Lubinda. Anzanga onse abwela kuniona. Imwe chabe simunabwele. Munakalipa na ine? Ngati ni ija kona, sorry coach, ninachedwa kujumpa. Bwelani, please."

Ndakhala pansi, manja ali ndi sopo.

Ndamuimbira Maureen ku ntchito. Akuti zimachitika, masabata oyamba munthu akatsitsimuka ubongo susunga kanthu, amalankhula nawe, kuseka nawe, mawa palibe. Akuti sizibwerera. Bambo ake sanamuuze, kaya loya wawaletsa, kaya sakufuna kumva dzina langa m'chipindamo.

Ntchito yapita, timu yapita, dzina lapita. Ulendo umene ndinalipira ndi zonsezi uli pa ndime 14 basi. Mwa iye mulibe.

Loya wanga akuti ndisayankhe ngakhale kadontho, chilichonse chikalowa m'mlandu. Ndamvera uthengawo kasanu ndi kawiri. Mwana akupepesa ine. Ine.

Ndalemba kuti ndinabwera. Ndafufuta. Ndalembanso. Pamwamba pakuonetsa kuti ali pa foni pompano, ndipo waona kuti ndamvera.