Fomu ya a Jere

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko masiku ano? Ndine Rozina, ndikulemba ndili ku Chipata konkuno, ku Nabvutika. Ndakhalitsa osakulemberani, koma mukamva zimene ndadutsamo simundidzudzula.

Mvula chaka chino yagwa bwino, ndipo chimanga chachikasu cha nthawi ya chilala chija tinasiya kudya. Kamunda kamene anatibwereka ku Kasenengwa katipatsa mtedza wokwanira, ngakhale mbewa zinayamba kukolola ife tisanafike. Akamwini anu a Zuze akupalabe matabwa pamsika, chifuwa chawo chija chinatha. Koma nkhani yaikulu ndi iyi: mu Malichi ndinachira, mwana wamkazi. Ndinamutcha Lusiya, dzina lanu. Akakwiya amaluma mlomo wam'munsi monga munkachitira inu.

Kubala mwanayu kunanditengera tsiku limodzi. Kumulembetsa kwanditengera miyezi itatu.

Tsiku lotuluka m'chipatala, nesi wina wachifundo, Mayi Zulu, anandipatsa khadi la sikelo ndi kapepala kosonyeza kuti mwana wabadwira pamenepo. Anati, "Musachedwe kukamulembetsa. Nkhondo kwanu ku Mozambiki yatha, malole abwera kudzakutengani. Mwana amene sali pa pepala la banja, pamalire akakufunsani kuti mwamutenga kuti."

Ndinapita ku ofesi yolembetsa ana. Kalaliki wake ndi bambo wa mimba yogunda tebulo, ndipo ndinamupeza akukanda m'khutu ndi chivindikiro cha bolopeni. Sanandiyang'ane n'komwe, anangoti, "Reji." Reji ndi chitupa cha eni dziko, ine ndilibe. Nditamuuza kuti ndine wothawa nkhondo, anakweza mutu ngati wamva fungo.

"Ndiye mukufuna timupatse Zambia mwanayu? Kubadwira kuno sikuti ndi wa kuno."

Ndinati, "Bambo, sindinabwere kudzapempha dziko. Ndabwera kuti mulembe kuti anabadwa."

Ananditumiza kwa oona za othawa nkhondo. Iwonso anati ndiyambe ndalembetsa mwana, ndipo ndikapite ndi bambo wake ndi khadi lawo. Apa mpamene panabuka vuto. Pakhadi lawo a Zuze analembedwa kuti Jose Fransisko, monga anawalembera Apwitikizi kale. Ine kuchipatala ndinatchula dzina limene timawaitanira tonse, Zuze Phiri. Titabwerera ku ofesi yolembetsa ana, kalaliki uja anayala mapepala awiriwo patebulo, n'kuwerenga mokweza kuti mzere wonse umve.

"Apa pali amuna awiri. Mayi, sankhanipo mmodzi. Bambo wa mwana ndi uti?"

Anthu anaseka. A Zuze anangoti zyoli, chipewa chili m'manja. Munthu wodya malipiro chifukwa chodziwa kuwerenga, koma osadziwa kuti Zuze ndi Jose ndi dzina limodzi, pomwe malire ali pafupi pomwepa. Munkandiuza kuti wina akandiseka pagulu ndisamamuyankhe, ndizingomuyang'ana mpaka achite manyazi yekha. Ndinamuyang'ana, Amayi, koma uyu manyazi anawaiwala kusukulu.

Tsopano ndikuuzeni za a Jere, eni nyumba imene tinkakhala. Inu simunawadziwe, tinalowamo mutatisiya kale. Anali kalaliki pa Boma, anapuma ntchito, ndipo ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo. Tayi amavala ngakhale popita kuchimbudzi, nkhuku zawo amazipirikitsa m'Chingerezi. Akazi awo alibe mwana. Lusiya atabadwa, mayiwo ankabwera ndi tizovala, n'kumamunyamula mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkayesa chifundo. Munkanena kuti, "Rozina, munthu akakumwetulira kwambiri uzifunsa chimene waona m'nyumba mwako." Ndinaiwala.

Tsiku lina masana ndikuphika nyemba pambaula, a Jere anatulukira ndi fomu m'manja. Anakhala pampando asanaupatsidwe.

"Mayi Phiri, ndamva za mavuto anu. Onse a mu ofesi muja ndinawaphunzitsa ntchito ndine. Ndakudzazirani kale zonse, inu mungodinda chala apa ngati mboni."

Ankayesa sindidziwa kuwerenga. Chingerezi sindichimva, koma maina ndimawerenga. Kundikakamiza kwanu kuti ndizipita kwa masisitere sikunapite pachabe. Pa dzina la bambo panali dzina lawo. Pa dzina la mayi panali la akazi awo. Mwana wanga anali atasanduka Beatrice Jere.

Ndinafunsa, "Nanga ine ndili pati?"

"Inu muziyamwitsa mpaka atasiya bere," anatero. "Ganizirani mwanayu. Kuno akhala nzika, aphunzira sukulu yabwino. Kwanu mukamupatsa chiyani? Minda yodzala mabomba?"

Chimene chinandipweteka n'chakuti a Zuze, amene anali pakhomo pomwepo akunola tchizulo, sanaime nane. Anati motsitsa mawu, "Mayi a Lusiya, mwina tiganizepo. Ndi pepala chabe." Mwamuna amene anakuberekani kumsana powoloka mtsinje pothawa paja, kugonja pamaso pa tayi. Ndikudziwa kuti anatopa ndi kusekedwa. Koma tsiku limenelo ndinawaona kuchepa.

Ndinatenga fomu ija n'kuilowetsa pansi pa mphika. Inayaka bwino kwambiri. Ndinati, "Bambo Jere, amene anatiwotchera nyumba kwathu anabwera ndi mfuti, sanatinamize kuti akutithandiza. Mwanayu ali ndi mayi, ali ndi bambo, ali ndi dzina."

Anaimirira, n'kukonza tayi. Anati mwezi ukatha tituluke m'nyumba mwawo, ndipo akatinenera kuti tikukhala m'tauni m'malo mokhala kukampu. Tinatuluka mwezi usanathe. Kukatinenerako sanapite, ankadziwa kuti nkhani ya fomu ija ikanatuluka nayo. Lamlungu lotsatira ndinamva kuti ndiwo anatsogolera pemphero la ana amasiye.

Pano tili kumunsi kwa Nabvutika, m'kachipinda kamodzi kodontha pakona. Ndimagona bwino kuposa kale.

Amene anatithandiza alibe tayi. Ndi a Mbewe, katekisiti wa kutchalitchi kwathu, amene amayenda pa njinga yopanda mabuleki. Anatsegula buku la ubatizo, ndipo m'menemo anali atalemba maina onse awiri a bambo wa mwana, chifukwa iwo amayamba afunsa asanalembe. Ansembe analemba kalata, Mayi Zulu anawonjezera yawo. A Zuze, mwina manyazi atawagwira, anachapa okha malaya awo oyera, n'kupita kukalumbira pamaso pa woweruza kuti Jose ndi Zuze ndi iwo omwewo. Atabwerako ananyamula Lusiya nthawi yaitali. Ine sindinawafunse kanthu, ndinangowaikira madzi osamba.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri, kalaliki yemwe uja analandira mulu wa mapepalawo osawerenga ngakhale limodzi. Anauzira mpweya pa chidindo, n'kumenya. Basi. Chimene tinayendera miyezi itatu chinatha msanga kuposa kuyetsemula. Anandipatsa pepalalo ndi dzanja lamanzere, n'kunena kuti satifiketi yeniyeni idzachokera ku Lusaka, tsiku lake salidziwa. Kenaka anapinda manja, kudikira kuti ndigwade ndithokoze. Ndinapinda pepala langa, kuliika m'kamisolo, n'kutuluka.

Dzulo tinapita nalo kwa oona za othawa nkhondo kuti amuwonjezere pa pepala la banja. Pofunsa dziko lake analemba kuti Mozambiki, kumene sanapondeko. Akuti malole ayamba kunyamula anthu zokolola zikalowa m'nkhokwe. Mayi wa mu ofesimo, wa zikhadabo zofiira, anawerenga maina pa pepala lathu lakale lija, lomwe anatilembera tikulowa m'dziko muno.

"Apa pali gogo. Ali kuti?"

Ndinati, "Ali m'manda ku Kasenengwa. Zaka zitatu tsopano."

Sananene ngakhale pepani. Anatenga rula, n'kudula dzina lanu, mzere wowongoka bwino ngati wa mwana wa sukulu wofuna kuyamikiridwa. Ndinamufunsa kuti nanga amene tikuwasiya pansi tiwatani. Anati za amenewo palibe fomu, n'kuitana wotsatira.

Choncho tikupita atatu, Amayi, inu mutsala. Zimenezi ndi zimene ndinkazengereza kukulemberani.

Loweruka likubwerali tifika tonse kumeneko. A Zuze akusema mtanda wa mlombwa, woti chiswe chisaulowe. Ine ndidzalambula pamanda, ndipo ndidzamukhazika mwanayu pa dothi lanu kuti mumve kulemera kwake. Eni munda aja avomera kuti azizulapo udzu ife tikachoka. Ndipo ndikulonjeza kuti chaka chilichonse mvula ikatha ndiziwoloka kudzakuonani. Andifunse mapepala angati pamalirepo, ndidzaima pamzere mpaka atope ndiwo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina