Ndinakaulula za Ziphaso za Matenanti

Amayi anga, kodi kumene muliko mukupezako bwanji? Kuno tiliko, koma sindikunamizani kuti tili bwino. Ndakhala pakhonde la nyumba yanu ndipo ndati ndikulembereni monga ndinkachitira ndili kusekondale. Nthawi imeneyo munkapita ndi kalata yanga kwa aphunzitsi kuti akuwerengereni. Kumeneko sindikudziwa amene akuwerengereni, koma mumuuze awerenge pang'onopang'ono, nkhani yake ndi yaitali.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wofika pakhomo ndi nkhani yoipa asanapereke moni. Mpongozi wanu Nasimango anachira mwana wamkazi m'nyengo yozizira yapitayi. Tinamutcha Etinala, dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe, ndipo akamayamwa amagwira khutu la amake ngati akuopa kuti athawa. Mlongo wanga Eneless anatengedwa ku Kaomba, akugulitsa tomato pamsewu ndipo wanenepa. Chimanga cha kumunda wa kudambo chachita bwino kuposa chaka chimene munatisiya, koma mtedza unapsa ndi ng'amba. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, mmodzi anadyedwa ndi galu. Mjigo unathyokanso pomwe paja, azimayi akukatunga kuchitsime cha kusukulu.

Tsopano ndinene chimene chandikhazika pansi.

A Phiri mukuwadziwa, eni esiteti ya fodya kuseri kwa Kaluluma, kumene ndakhala kapitawo zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene simunaone n'chakuti ndi iwo anatumiza lole yawo kudzakutengani kuchipatala tsiku limene munamwalira. Anabweretsa ufa ndi nkhuni pamaliro, ndipo kumanda analankhula m'malo mwa akulu a mpingo. Anthu mpaka lero amati maliro anu anayenda bwino chifukwa cha a Phiri. Ndanena zimenezi poyamba kuti musaganize kuti ndaiwala.

Chaka chilichonse matenanti akafika kuchokera ku Phalombe ndi ku Mulanje, a Phiri ankandituma kukatolera ziphaso zawo za unzika. Ankati, "Anthu awa amagona m'tinyumba todontha, ziphaso zidzawanyowera. Bwera nazo ndiziwasungira mu ofesi." Ine ndinkayenda khomo ndi khomo ndi jumbo m'manja. Wina akakayika ndinkamuseka, n'kumuuza kuti abwana sangadye chiphaso. Sindinafunsepo kanthu, Amayi. Mwina sindinkafuna kudziwa.

Mvula isanagwe, tikuthirira nazale, kunabwera uthenga kwa tenanti wina, mai Namakhwa. Ndi mayi wamasiye wa ku Phalombe amene amalima gawo la kumapeto, kufupi ndi mabulugamu. Amayi ake anali atamwalira kwawo. Abale anamutumizira ndalama yoyendera pa foni, koma wa pakauntala ku Kaluluma anakana kumupatsa popanda chiphaso. Anabwera kwa ine akuthamanga, ndipo ndinapita naye ku ofesi. A Phiri anati kiyi wa kabati yosungiramo ziphaso wapita ndi akazi awo ku Lilongwe, abwere mkuja. Kiyiyo ine ndinkamuona, Amayi. Anali pa lamba wawo, pamodzi ndi wa galimoto. Mai Namakhwa anagwada, anapempha, kenaka anangodzuka n'kubwerera kunazale. Amayi ake anaikidwa iye akuthirira fodya.

M'mawa mwake ndinadziwa chifukwa chake kabati sinatsegulidwe. Wothandiza dalaivala anadwala, ndiye anandiuza kuti ndikwere lole ndikathandize kukweza katundu. Tinapita kudepoti ina kumene amagulitsa feteleza wotsika mtengo uja wa alimi osauka. Panja panali mzere wa anthu, ena atagona pomwepo masiku awiri. Ife tinazungulira kuseri. Dalaivala anatulutsa jumbo yanga yomwe ija n'kupatsa kalaliki, ndipo kalaliki ankatenga chiphaso chimodzichimodzi, kuchijambula ndi foni, anyamata n'kumaponya matumba mu lole. Panalibe tenanti ngakhale mmodzi. Ndinaona nkhope ya mai Namakhwa pachiphaso chake ikudutsa m'manja mwa kalaliki uja. Pobwerera dalaivala anandifotokozera akuseka, poganiza kuti ndinkadziwa kale. Mayina a matenanti anawalembetsa m'midzi ya kuno ngati eni mudzi, mothandizidwa ndi mlangizi wina wa zaulimi, ndipo kuti malo apezeke, mayina a anthu enieni ankachotsedwa.

Apa m'pamene ndinakukumbukirani. Zaka ziwiri zomaliza zija munkayenda ndi ndodo kupita kumene amaitana mayina a olandira fetelezayo, n'kubwerera chimanjamanja. Munkakhala pakhonde lino mukupuma mwabefu n'kumati, "Sitefano, dzina langa alifufuta. Kodi ndinafa osandiuza?" Ife tinkaseka. Sindikudziwa ngati dzina lanu linachotsedwa ndi anthu omwewa, ndipo sindidzadziwa.

Titafika kuesiteti, matumba anawakhuthulira m'masaka ena opanda chizindikiro, ena kupita kumunda, ena kusitolo ya a Phiri. Ine ndinaima kuseri kwa chigafa choumitsira fodya n'kujambula ndi foni yanga. Ndinkajambula mobisa moti zithunzi zina sizikuoneka bwino. Ulendo wachiwiri ndinadzipereka ndekha kukwera lole, ndipo ndinajambula kalaliki ali ndi ziphaso pamiyendo.

Kenaka ndinangokhala nazo. Tinawokera fodya, Khirisimasi inadutsa, ine ndili chete. Nasimango ankandifunsa chifukwa chimene ndikusiyira chakudya, ndinkati ndi m'mimba. Munkati ndikabisa kanthu ndimakanda m'khosi ngati nkhuku ya utitiri. Khosi linatupa, Amayi.

Ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Ndinapita kwa alongo anu, amalume a Jelemiya, kukapempha nzeru. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Yayi, mphwanga. Munthu amene ananyamula mayi ako sungamutengere kuboma. Nkhaniyi isiyire ine, ndikaikonza mwachibale." Ndinawapempha kuti asauze munthu. M'mawa mwake ndinaona njinga yawo itatsamira pakhoma la ofesi ya a Phiri. Sindinalowe n'komwe pageti. Ndinabwerera, ndinavala malaya a kutchalitchi, ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe.

Ku ofesi yolimbana ndi katangale anandilandira mayi wina wovala magalasi. Anamvetsera, anatenga zithunzi zonse, analemba. Kenaka anandifunsa kuti, "Nanga ziphasozo ankatolera kwa matenanti ndani?" Ndinati ndine. Analembanso zimenezo. Ndinamufunsa ngati inenso ndimangidwa. Anati, "Sindingakulonjezeni kanthu, bambo. Mungonena zoona zonse, osasiyako." Mawu amenewo ndimadzuka nawo tsiku lililonse.

Nditabwerera, a Phiri anaitanitsa antchito onse pabwalo losankhira fodya. Sanakalipe. Anati, "Sitefano ndinamutenga alibe nsapato. Lero wapita kukandigulitsa. Asiye makiyi apa." Ndinasiya makiyi pa jeke yodindira mabelo n'kutuluka, anthu onse akuyang'ana pansi. Madzulo omwewo anabweza ziphaso zonse kwa eni ake, n'kuwauza kuti amene adzatsegule pakamwa adzachoka fodya wake asanapite ku okushoni. Ofufuza atafika patapita masabata, kabati anaipeza mulibe kanthu. Tenanti aliyense anati chiphaso chake sichinachokepo m'thumba mwake. Komabe chifukwa cha zithunzi zija anatenga a Phiri ndi kalaliki uja. A Phiri anatuluka pa belo dzuwa lisanalowe, ndipo Lamulungu lake anatolera chopereka kutchalitchi monga mwa nthawi zonse.

Kutchalitchi ine ndimakhala benchi yangayanga tsopano. Palibe amene wandithamangitsa, anthu amangosuntha. Matenanti ena amandida kuposa a Phiri. Mmodzi anandiimitsa panjira n'kunena kuti, "Esiteti ikatsekedwa tidzapita kwathu ndi chiyani? Iwe uli ndi munda wa amako, ife tili ndi chiyani?"

Chigafa chathu chinapsa, Amayi. Chija tinamanga ndi mitengo ya kumunda kwanu. Chinali chodzaza, fodya yense nditathyola, kusoka ndi kupachika, atayamba kufiira bwino. Linali Lamulungu masana, tili m'tchalitchi. Titamva mfuu tinathamanga, koma fodya wouma sadikira munthu. Tinapeza mizati yokha ikufuka. Ena akuti anaona anthu awiri pa njinga yamoto, koma apolisi atafunsa, palibe amene anaona chilichonse. Sindikutchula munthu, chifukwa sindinaone. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo foni yanga imalira, ndikayankha wina amangopuma, osalankhula.

Nasimango anapirira sabata imodzi. Kenaka anamanga katundu. Anati, "Abambo ake a Etinala, sindikukusiyani. Koma denga lathu ndi la udzu ngati la chigafa, ndipo mwanayu sathamanga." Ndinawaperekeza mpaka kwawo kwa Wimbe. Apongozi anandilandira bwino, koma sanandifunse tsiku limene ndidzabwere kudzawatenga. Mwana anayamba kukwawa ali komweko, ndinangomva pa foni.

Mlandu ukulowa Lachinayi likubwerali kukhoti la ku boma, ndipo mboni ndine ndekha. Dzulo amalume a Jelemiya anabweranso. Anakhala pamene ndakhala panopa. Akuti a Phiri ndi okonzeka kundikhululukira. Ntchito ndibwerere, chigafa andimangira cha malata. Changa n'kukanena kukhoti kuti zithunzi zija sindikukumbuka kumene ndinazijambula, ndipo ndinapita ku Lilongwe chifukwa cha mkwiyo. Anati, "Ukaumirira, loya wawo akakufunsa amene ankatolera ziphaso. Ukalowa ndiwe, iwo akatuluka. Mwana wako adzakudziwira kundende."

Amayi, sindinawakanire. Ndikuchita manyazi kulemba, koma sindinakane. Ndinati ndiganize. Atachoka ndinayenda kupita pamene panali chigafa, n'kumayeza ndi mapazi kuti cha malata chingatalike bwanji. Ndinaganiza za Nasimango akubwerera, za anthu akundipatsanso moni pamsika. Ndinadziuza kuti feteleza anabedwa kale, inu munapita kale, ndipo ine ndekha sindingasinthe dziko. Munkati mantha akandigwira ndimakhala ndi nzeru zambiri kuposa aphunzitsi. Dzulo ndinali nazo zambiri.

Lero m'mawa ndikusesa pabwalo ndinaona munthu akubwera ndi mtolo pamutu, mphika utamangidwa pamwamba. Anali mai Namakhwa. Wayenda wapansi kuchokera kuesiteti. Fodya wake wamusiya m'chigafa cha a Phiri, wosasankha, wa chaka chonse. Ndinamuyalira mphasa koma anakana kukhala. Anamasula mfundo ya chitenje n'kundionetsa chiphaso chake.

Anati, "Ndamva kuti Lachinayi mukaima nokha."

Ndinati inde.

Anati, "Ndipita nawo. Ndikanena kuti chiphasochi chinakhala m'kabati, ndipo amayi anga anaikidwa ine kulibe. Koma musaganize kuti ndabwera chifukwa chokukondani, a kapitawo. Amene ananditenga chiphasochi m'manja ndinu. Munandiseka. Zimenezonso ndikanena."

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti fodya wake sadzamuonanso. Anati akudziwa. Ndinamufunsa ngati sakuopa. Anati, "Ndikuopa kwambiri. Muli ndi madzi akumwa?"

Ndinamupatsa madzi. Ndamuperekeza kwa mayi busa wopuma uja wa kuseri kwa sukulu, amene wavomera kumusunga mpaka Lachinayi. Pobwerera ndinkayang'ana m'mbuyo njinga yamoto iliyonse ikamadutsa. Tsopano sindikudziopera ndekha. Chikamuchitikira mayiyu, chidzakhala pamutu panga kachiwiri.

Sindikudziwa mmene zithere. Mwina a Phiri apambana. Mwina mawu a mai Namakhwa ndi amene anditsekere ine m'chitolokosi, ndipo sindingamuimbe mlandu, chifukwa ndi oona. Mwina Nasimango adzatopa kudikira. Ndikanakonda mukanakhala pano, ngakhale mukanandikalipira chifukwa chochititsa manyazi alongo anu. Sindikudziwa kuti mukanaima mbali iti, Amayi. A Phiri munkawalemekeza, ndipo mikangano simunkaifuna. Ndasiya kudzinamiza kuti ndikudziwa zimene mukananena.

Koma yankho la amalume ndalipeza. Mawa m'mawa ndipita ndekha kukawauza pamaso kuti chigafa cha malata akamangire wina. Ndipo ndikukulonjezani kuti Lachinayi ndikaima pamaso pa woweruza, sindikadikira kuti loya andifunse. Ndikayamba ndi dzina langa, ndi jumbo imene ndinkayenda nayo, kenaka ndikatchula enawo. Mukaona kuti Lachinayi ladutsa ine osabwera kudzakuzondani kumanda, musaganize kuti ndathawa. Mudziwe kuti ndinanena zonse.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri sabata ino.

Ndine mwana wanu,
Sitefano